Lole Yovina pa Ukwati wa Emmie

"Ndiye mukuti galasi limeneli yaswa ndi ng'ombe?"

"Ng'ombe, amake Charlotte. Kodi ndinene kangati?"

"Ng'ombe za ku Chikangawa zinayamba liti kumera masamba a paini?"

Dyness anatambasula dzanja. Munali kanthambi ka paini kobiriwira bwinobwino, kamene anakazula yekha pachitseko cha lole m'mawa womwewo. Stafford, mwamuna wake, anakayang'ana kamodzi n'kutembenukira kukhoma ngati kanthambiko kamutukwana. Lole yonyamula matabwa imene ankayendetsa inali itaima panja pa nyumba yawo ku Mzimba boma, galasi loonera m'mbuyo la kumanzere likulendewera pa waya.

"Mayi wogulitsa mbatatesi amene munamukweza dzulo wandiuza zonse pamsika," anapitiriza Dyness. "Akuti masanasana, dzuwa likuswa mtengo, lole inangosiya phula yokha n'kuyamba kulowera m'mapaini. Iye anakuwa, inu n'kudzidzimuka. Ng'ombe sanaione."

"Azimayi a pamsika! Ukawachitira chifundo amakulipira ndi pakamwa."

"Munagona, bambo a Charlotte."

"Ndinaphethira chabe."

"Kuphethira kwanji kofika nako m'nkhalango? Inu mumadziona? Dzana munagona nsapato imodzi ili kuphazi, inayo ili m'manja. Lamulungu abusa anachita kukweza mawu kuti apose mkonono wanu."

Stafford anaseka, poti munthuyu kuseka ndiye kunali kuthawa kwake. Anali dalaivala wodziwika msewu wonse wa ku Lilongwe, osati chifukwa cha liwiro ayi, koma hutala. Anali ndi kaimbidwe kake, katatu kafupikafupi kenaka kamodzi kotalika, ndipo ana a m'mbali mwa msewu ankamudziwa asanamuone. Sankadutsa munthu womudziwa, ngakhale mbuzi ya munthu womudziwa, osailizira hutala.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndili pa chiwongolero, nkhuku yomwe sindinaphepo," anatero. "Ndiye lero mundiphunzitse ndinu?"

Dyness asanayankhe, chitseko chinatseguka ndi phokoso, Charlotte n'kulowa akuvina, foni ili m'manja ikuimba. Mwanayu anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chiyambireni kumva kuti adzakhala patsogolo pa atsikana operekeza mkwatibwi pa ukwati wa Emmie, mwana wa abambo ake aakulu, anali atasiya kuyenda ngati anthu ena. Kokatunga madzi ankapita ndi masitepe, kubwerako ndi masitepe, chidebe chili pamutu.

"Adadi, taonani iyi! Aphunzitsi athu akuti ine ndiye ndikuikhoza kuposa onse. Phazi kutsogolo, kubwerera, kenaka kuzungulira. Mwaona?"

"Ndaona, mwana wanga! Anthu a ku Embangweni adzasiya kuyang'ana mkwatibwi." Stafford anawomba m'manja, kenaka anaimirira ngati munthu wolengeza pamsonkhano. "Ndipo imvani zimene ndakusungirani. Abwana avomera. Loweruka la ukwati lole ndi yathu! Mudzi wonse ndidzaunyamula ine, kuchokera ku Champhira mpaka pakhomo pa tchalitchi."

Charlotte anakuwa, n'kuthamangira panja kukauza anzake. Dyness sanakuwe. Abwana amenewa ankawadziwa, sanali munthu wopatsa kanthu dzanja lina lisanatambasuke.

"Avomera mwaulere?"

"Angoti matabwa a sabata imeneyo ndikhale nditatsitsa onse pofika Lachisanu. Maulendo atatu a ku Lilongwe."

"Atatu! Pamene mumapita awiri n'kubwera ngati mtembo? Ndiye mudzagona liti?"

"Tulo sitithawa, amake Charlotte. Ukwati ndiye umathawa."

Lamulungu lotsatira anapita kumudzi, kufupi ndi Champhira, ku msonkhano wa komiti ya ukwati. Mudzi unali utatekeseka kale. Anyamata ankazika mitengo ya chisakasa, amayi ankapeta chimera, ndipo ng'ombe yofiira yodzaphedwa inali itamangidwa payokha ikudya msipu wosankhika, osadziwa kuti ulemu wonsewo unali wa chiyani. A Zondwayo, akulu ake a Stafford, amenenso anali bambo a mkwatibwi, anakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, kope lili pamwendo, akugawa ntchito ndi mawu a munthu amene sanatsutsidwepo chibadwire.

Dyness anadikira mpaka amuna atatha zawo. Iye anali wa ku Kasungu, wolowoledwa ndi ng'ombe kuno kumene ankamutcha Nyamwale, ndipo ankadziwa kuti mkazi wotere pa nkhani za pamudzi amamvetsera basi. Koma anasendera chogwada, n'kukhala pansi chapatali pang'ono.

"Alamu, ndili ndi kamawu."

"Yowoyani, Nyamwale. Mbwenu tikumva."

"Ndi za ang'ono anuwa. Adzafika kuno Lachisanu madzulo atayenda sabata yonse osagona. M'mawa mwake anyamule anthu makumi anayi. Ndimati mwina usiku wa mchezo muwamasule, akagone."

A Zondwayo anatseka kope lija pang'onopang'ono.

"Akagone? Mwana wake akutengwa, iye akagone? Nanga ng'ombe adzaimirira ndani poipha? Nyama adzagawa ndani kwa alendo? Pamudzi pano ntchito imeneyo ndi ya dada wamng'ono wa mkwatibwi, chiyambire agogo athu. Ine pa ukwati wa mwana wa akulu athu ndinachezera mpaka kucha, sindinafe yayi."

"Koma inu m'mawa mwake simunayendetse lole, alamu."

Amuna ena anaseka chamumtima, ena anayang'ana pansi. Stafford anamuponyera diso lomuuza kuti akhale chete.

"Kapena tipeze dalaivala wina wa tsiku limenelo lokha," anawonjezera Dyness, poti anali atayamba kale kuwoloka.

"Abwana anakaniratu," Stafford anayankha msanga. "Chiwongolero chija wina sagwira."

"Mwamva?" anatero a Zondwayo. "Ndipo ngakhale akanalola, anthu a kuchimuna adzati chiyani? Kuti banja lili ndi dalaivala wake koma labwereka wa eni? Chibale ndi fupa, Nyamwale, sichiwola. Munthu amavutikira wake."

"Ndamva, alamu. Komanso akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

"Yewo chomene chifukwa cha mwambi. Koma pusi ameneyo analibe mkulu wake." A Zondwayo anadzimenya pachifuwa. "Ine ndidzakhala naye kutsogolo. Ine! Ndidzamucheza njira yonse, nkhani ndili nazo zokwana kukafika ku Joni. Akadzangoti asinze, ndidzamutsina. Kumbuyo amayi adzakhala akuimba. Ndani angagone pakati pa nthungululu? Nkhani yatha, mbwenu."

A Selina, akazi awo a Zondwayo, anamukoka Dyness pa chitenje popita kukhitchini. "Mlamu, osamaika mawu oipa pa ukwati wa mwana. Zinthu zimamva." Dyness anangoti zikomo, koma mtima wake sunakhale pansi.

Masabata awiri otsala anathamanga ngati akuthamangitsidwa. Telala anabweretsa madiresi, a mtundu wa chikasu chowala, ndipo Charlotte anayesa lake kasanu tsiku limodzi. Anamugulira nsapato zoyera za gogoda, zoyamba m'moyo wake, ndipo ankaziyeserera pa simenti ya pakhonde mpaka aneba anadandaula. Kunena zoona, Dyness nayenso chimwemwe chinamugwira. Ankapezeka akuimba nyimbo za ukwati akuchapa, ndipo tsiku lina Charlotte anamuphunzitsa sitepe ija ya kuzungulira, onse awiri n'kugwera pa mpando akuseka. Nkhawa inkangobwera akamva lole ikudutsa pamsewu.

Sabata ya ukwati Stafford kunyumba sanaonekeko. Ankapakira matabwa ku Chikangawa, kutsika nawo ku Lilongwe, kutsitsa, kubwerera, kupakiranso. Dyness akamuimbira foni ankamva mawu okhuthala ngati a munthu wodwala chimfine.

"Mwagonako?"

"Pang'ono, pa mzere wodikira kutsitsa. Osadandaula, ndagula tizakumwa tochotsa tulo tija. Ndili gwa ngati mwala."

Lachisanu dzuwa litapendeka, mudzi wonse unamva hutala kuchokera kumsewu, katatu kafupikafupi, kamodzi kotalika. Ana anathamanga, amayi anasiya miphika, nthungululu zinang'amba mlengalenga. Lole inalowa m'mudzi ikufwenthetsa fumbi, ndipo Stafford anatsika ngati phungu wobwera kudzagawa malata. Maso ake anali ofiira ngati a munthu amene wakhala m'chigafa cha fodya pa utsi, koma amene anaona zimenezo anali mkazi wake yekha.

Dyness anali atayala kale mphasa m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, kutali ndi zokuzira mawu. Anamukokera kumeneko mwakachetechete, ndipo Stafford atangokhala pansi kuti avule nsapato, mutu unagwera pakhoma. Sipanathe nthawi yoti madzi n'kuwira, a Zondwayo anali pakhomo.

"Ali kuti dada wamng'ono? Ng'ombe ikudikira! Nyamwale, mwabisa munthu ngati mkwatibwi ndi iyeyo?"

Anamudzutsa, anamupatsa mpeni, ndipo anapita. Ng'ombe itatha panabwera kugawa nyama, kugawa kutatha panabwera alendo ochokera ku Mzuzu ofunika kulonjeredwa, kenaka magule. Kunacha Stafford ali chiimire, malaya ali magazi okhaokha, akuseka ndi aliyense.

M'mawa anthu ali piringupiringu kusamba ndi kuvala, Dyness anapeza jekete ya mwamuna wake itapachikidwa pa msomali. Anapisa m'thumba, natenga kiyi wa lole, namumanga pa nsonga ya chitenje chake. Mtima unkagunda ngati waba nkhuku.

Lole anali ataikongoletsa ndi maluwa a mapepala ndi nthambi za bulugamu. Anakweza mabenchi a kutchalitchi, madengu a nyama, ndi mphatso za mkwatibwi: mabeseni, mapoto, lichero, mtondo watsopano ndi munsi wake. Galimoto yaing'ono yonyamula Emmie inali itanyamuka kale. Amayi anakwera akuimba, atsikana a madiresi achikasu anakwezedwa ngati mazira. Ndiye Stafford anayamba kudzisisita m'matumba.

"Kiyi! Ndani waona kiyi?"

Anafunafuna pansi, m'nyumba, m'khola momwe. Nyimbo zinayamba kuzirala. Kenaka Stafford anaima, n'kuyang'ana mkazi wake, ndipo anadziwa. Anamutengera kuseri kwa nkhokwe.

"Amake Charlotte, ndapota nanu. Bweretsani."

"Mugone ola limodzi lokha. Limodzi. Abusa adikira, ukwati suyamba pa nthawi yake n'kale lonse."

"Ola limodzi ndilipeza kuti? Mukufuna mudzi wonse udziwe kuti mkazi wanga amandilanda kiyi ngati mwana?"

"Ndikufuna mudzi wonse ukafike wamoyo. Tadziyang'anani, mukulankhula nane diso limodzi lili chotseka."

A Zondwayo anatulukira atavala suti yakuda, duwa lili pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwawo kunali a Selina ndi amayi ena angapo.

"Nadi? Ndi zoona zimene ndikumvazi? Nyamwale, tinakulakwirani chiyani pamudzi pano? Mwana wanga aime yekha m'tchalitchi ngati wamasiye chifukwa cha inu?"

"Nsanje," mayi wina ananong'ona mokweza. "Poti wake sanakwatiwe."

Zonsezo Dyness akanazipirira. Chimene chinamuthyola ndi Charlotte, amene anatsika mu lole n'kubwera akuyenda movutikira pa nsapato zake za gogoda, misozi ikuwononga zodzola za kumaso.

"Amayi, chonde. Miyezi iwiri ndikuphunzira. Anzanga onse akundiyang'ana. Chonde, amayi."

Dyness anamasula mfundo ya chitenje. Anapereka kiyi uja, ndipo nthungululu zinalira ngati wachita chinthu chabwino.

Pokwera sanakhale pa benchi. Anapita kutsogolo kwenikweni, n'kuima atagwira chitsulo, pamene panali kagalasi kakang'ono koonera mkati mokhala dalaivala. A Zondwayo anakhala pampando wawo wa ulemu kutsogolo, ndipo lole isananyamuke anali atayamba kale nkhani ya mmene anagulira njinga yawo yoyamba.

Koma ulendo unakoma, abale! Amayi anayambitsa nyimbo yotsazika mwana, atsikana akuyankha, ena akumenya mabeseni a mkwatibwi ngati ng'oma. Pofika pa Jenda, pamene panali anthu ambiri, Stafford anachita zimene madalaivala amachita pa ukwati: anaivinitsa lole, uku ndi uku, kumanzere kumanja, hutala ikulira kaimbidwe kake kaja. Ogulitsa tomato anaimirira n'kumavina nawo, akabaza anakweza manja. Charlotte anaima pakati pa lole akuonetsa sitepe yake ya kuzungulira, anzake atamugwira m'chiuno kuti asagwe. Dyness yemwe anapezeka akuseka, n'kumadzifunsa ngati sanangodzivutitsa chabe masabata onsewa. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi umabwera m'mutu zinthu zitachitika kale.

Anakhotera msewu wa ku Embangweni. Nyumba zinayamba kutalikirana, dzuwa la Okutobala linakwera, ndipo msewu unangoti tantha pakati pa minda youma. Injini inkalira mawu amodzimodzi osasintha. Anadutsa ngolo ya ng'ombe, mwini wake n'kukweza chipewa. Anadutsa ana atatu amene anathamangira kumsewu akukuwa kuti aimbe hutala.

Lole inayamba kuvinanso. Inapita kumanja pang'onopang'ono, n'kubwerera kumanzere.

"Ayambanso a dalaivala!" anakuwa a Selina. "Ivinitseni, alamu! Ivinitseni!"

Nthungululu zinabuka. Atsikana anaimirira onse, akupendekera kumene lole ikupendekera, akuseka. Charlotte anasendera m'mbali, dzanja limodzi lili m'mwamba likugwedeza kampango.

Dyness anatchera khutu asanadziwe chifukwa chake. Kenaka anadziwa. Hutala sinkalira. Mwamuna amene ankalizira hutala mbuzi anali atadutsa ngolo, wadutsa ana, ndipo tsopano akuvinitsa lole pa msewu wopanda womuonerera, ali chete.

Anapukuta fumbi pa kagalasi kaja ndi chigongono, nasuzumira. A Zondwayo anali atatsamira chitseko, kukamwa kuli yasa, duwa lija likukwera ndi kutsika pachifuwa. Stafford manja anali pa chiwongolero, koma chibwano chinali chitagwera pa tayi. Kutsogolo, msewu unkatsetserekera pa kamlatho kopapatiza.

"Agona! Agona!"

Mawu ake anamira m'nyimbo. Anamenya denga la lole ndi zikhatho zonse ziwiri, ndipo amayi awiri amene anali pafupi, poona kuti mlamu wawo wa ku Kasungu wayamba kusangalala tsopano, anabwera kudzamuthandiza kuimba ng'omayo. Anamenya nawo denga mogwirizana ndi nyimbo, akumusekerera.

Dyness anatembenuka ngati wamisala. Anakankha dengu la nyama, nagwira munsi wa mkwatibwi ndi manja awiri, nausinja pa kagalasi kaja ndi mphamvu zake zonse. Galasi linaphulika. Munsi unapitirira n'kukagunda Stafford paphewa.

Anadzidzimuka, naona mlatho, naponda mabuleki mpaka pansi. Lole inakuwa, inatsetsereka chammbali, matayala a kumanzere anagwera m'ngalande, ndipo chigalimoto chonsecho chinapendekeka n'kukatsamira pa chulu ndi mkokomo umene anthu anaumva kumidzi yakutali. Anthu, mabenchi, mapoto, nyama, zonse zinakhuthukira mbali imodzi. Panatsala mapazi makumi awiri okha kuti afike pa mlatho, ndipo pansi pake panali miyala yokhayokha.

Fumbi litayamba kutsika kunamveka kulira kwa mitundumitundu. Ena anathyoka manja, ena anang'ambika pamphumi, a Selina anataya mano awiri. Dyness anadzuka pakati pa mabeseni akuitana dzina limodzi lokha. Anamupeza kunja. Charlotte, poti anali m'mbali, anaponyedwa pansi, ndipo mwendo wake wa kumanzere unapanikizika pakati pa thupi la lole ndi chulu chija. Sankalira. Ankangoyang'ana diresi lake lachikasu ngati akudabwa kuti lada ndi chiyani. Amuna a m'midzi yapafupi anakumba chulucho ndi makasu kuti amutulutse.

Ukwati unachitika ndithu, poti abusa anali atafika ndipo a kuchimuna anali ataphika. Unali ukwati wa mphindi zochepa, wopanda masitepe, mkwatibwi akulira m'chophimba chake. Madzulo ake abale ambiri anali pakhonde la chipatala cha mishoni, ena atamangidwa mabandeji, akudikira.

Dokotala anaitana makolo a mwana. Analankhula mosazungulira. Fupa la pansi pa bondo linali litaphwanyika moti panalibe cholumikiza. Mwanayo amutumiza ku chipatala chachikulu m'mawa, koma asawanamize, mwendowo akaudula.

Dyness analowa m'chipinda, Stafford akumutsatira ngati mthunzi. M'manja anali atagwira nsapato imodzi yoyera ya gogoda imene anaitola m'ngalande, ndipo chiitolereni sanaisiye. Charlotte anatsegula maso pang'ono, mankhwala atamulemera.

"Amayi, ukwati watha?"

"Watha, mwana wanga."

"Ndiye patsogolo anavina ndani m'malo mwanga?"

Dyness anamusisita pamutu. Anamva kuwawa kumene sanakumvepo, ndipo kuwawako kunali ndi mkwiyo mkati, wokwiyira a Zondwayo, abwana a lole, mwamuna wake, koma koposa onse manja ake omwe amene anamasula mfundo ija. Stafford anatuluka chothawa.

Panja anapeza wapolisi atafika ndi kope lake, ndipo a Zondwayo, bandeji ili pamutu, anali atayamba kale kufotokoza. Mawu awo anali atabwerera mwakale.

"Ine ndinali kutsogolo, bwana, ndinaona zonse ndi maso angawa. Tikuyenda makora, bwinobwino, tikucheza, mbwenu kavuluvulu wangobuka pakati pa msewu. Kavuluvulu wa dala! Pali anthu sanakondwe kuti mwana wanga akukwatiwa pa tchalitchi, tikuwadziwa. Ndiye pamwamba pa izo, mlamu wathuyu n'kuswa galasi ndi munsi, kumudzidzimutsa dalaivala. Munthu angawongole bwanji galimoto akumenyedwa ndi munsi? Chiyambire m'mawa mayi ameneyu anali ndi zake, anabisa ndi kiyi yemwe. Funsani aliyense."

Anthu ena anavomereza ndi mitu. Kavuluvulu ndi wabwino, salowa m'khoti, salandidwa laisensi, ndiponso sakhala m'bale wa munthu. Dyness anali ataima pakhomo, ndipo anaona maso onse akutembenukira kwa iye. Mphamvu yodziteteza analibe. Anangoyang'ana mwamuna wake.

"A dalaivala ndinu?" anafunsa wapolisi. "Dzina?"

"Stafford Nkhambule."

"Mwamva zimene anena akulu anuwa. Ndi mmene zinayendera?"

"Ndi momwemo," a Zondwayo anayankha m'malo mwake, n'kumugwira paphewa. Anatsitsa mawu, koma Dyness anamva. "Ganiza za ntchito yako, mng'ono wanga. Madzi akatayika sawoleka. Kavuluvulu, basi."

Stafford anayang'ana nsapato ija nthawi yaitali. Anaipukuta fumbi ndi chala chachikulu, kuchidendene kumene kunali kusanathe n'komwe.

"Kavuluvulu sindinamuone, bwana."

"Stafford!"

"Inunso simunamuone, akulu. Munagona tisanafike n'komwe pa ngolo ija. Ndinakumvani mkonono, ndinati ndikudzutseni, ndiye sindikudziwanso chimene chinachitika." Anatembenukira kwa wapolisi, misozi ikutsika osaipukuta. "Sabata yonse ndagona maola osakwana khumi. Mkazi wangayu anandiuza kunyumba, anawauza awa pamudzi, anandilanda kiyi m'mawa, tonse tinamuyesa mfiti. Akanapanda munsi uja, bwenzi pano mukuwerenga mitembo pansi pa mlatho. Lembani zimenezo."

"Mukudziwa kuti mawu amenewa akupita kukhoti?"

"Ndikudziwa. Lembani kuti ndinagona."

A Zondwayo anakhala pansi pa simenti ndi suti yawo, n'kuyamba kuchotsa duwa lija pachifuwa. A Selina, nsalu ili pakamwa, anasendera pafupi ndi Dyness namugwira dzanja.

Wapolisi atapita, Dyness anayala chitenje chake pakhonde, pansi pa zenera la chipinda cha Charlotte.

"Gonani tsopano, bambo a Charlotte. Palibenso wokudzutsani."

Stafford anagona chagada, nsapato ija ili pachifuwa, natseka maso. Patapita kanthawi anawatsegula. Munthu amene ankagona ali chiimire, wogona m'tchalitchi ndi pa chiwongolero pomwe, tsiku limenelo tulo tinamukana, ndipo tinamukanabe masiku ambiri otsatira.